Mawondo a Páscoa

Mukalowa mumsika wa Milange, mbali ya nyemba, mupeza mtsikana wamtali woyeza nyemba ndi chitini ngati wakwiya nazo. Anyamata a njinga amamuitana kuti pulezidenti, koma iye satembenuka. Ameneyo ndi Páscoa wa ku Majaua.

Anabadwa pa Pasaka, n'chifukwa chake dzinalo. Mayi ake, a Arlete, anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo anabwerako ndi Baibulo lachichewa ndi mwambo wosapindika. Kwa iwo mwana wamkazi sapereka madzi ali chilili, sayankhulanso ndi wamkulu mawondo asanafike pansi. Páscoa anadziwa kugwada asanadziwe kuwerenga.

Mutu anali nawo. Atalowa pa kanthambi ka yunivesite m'tauni yathu ino, anzake anamusankha kukhala mtsogoleri wa bungwe la ophunzira. Musaganize kuti ndi ulemerero. Ntchito yake ndi kusenza madandaulo kupita nawo kwa akuluakulu, n'kubwerako ndi yankho loti anzako akutukwanire. Mpopi ukauma, Páscoa. Mphunzitsi akajomba, Páscoa. Wina akadwala, woyang'ana njinga yomutengera kuchipatala anali yemweyo, mabuku ake ali chitsekere.

Chaka chimenecho mvula inavumba mosalekeza. Kamlatho ka panjira ya kwawo kanakokoloka mayeso atayandikira, ophunzira ambiri ali kutsidya kumene anapita kukathandiza kupalira. Wojomba mayeso amabwereza chaka, ndipo kwa mwana wa mlimi kubwereza n'kusiya sukulu basi. Páscoa anapita kukapempha kuti mayeso asunthidwe mpaka madzi ataphwera.

Mkulu wa sukuluyo, bambo waimvi, anamupeza atakhala pakhonde la ofesi. Mawu onse Páscoa anali atawakonza bwino m'Chipwitikizi, koma mawondo ake sanapiteko kusukulu. Asanaganize n'komwe anali atagwada, manja pamodzi, akufotokoza za mlatho.

"Dzuka, mwana wanga, pano si pamudzi," anatero mkuluyo. "Ndamva. Ubwere mawa tidzasankhe tsiku lina."

Nkhani ikanathera pomwepo. Koma Ilídio, mnyamata amene Páscoa anamugonjetsa pachisankho, anali pansi pa mtengo wa mango ndi foni m'manja. Pofika madzulo chithunzi chinali m'mafoni onse, pansi pake atalembapo mawu amodzi: vendida, kutanthauza wogulidwa.

M'mawa mwake ophunzira anasonkhana pabwalo.

"Tinakutuma kukatimenyera nkhondo, iwe ukukapereka madzi kwa apongozi!" anakuwa Ilídio, anthu n'kuseka.

"Anzanga, colegas, avomera! Akuti ndipite lero lomwe tika..."

"Wagwada! Wagwada!"

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti anyamata onse okuwawo kwawo amagwadiridwa ndi alongo awo, ndipo sindinamvepo mmodzi akudandaula. Atsikana nawo anangoyang'ana pansi, poti aliyense ankadziwa kuti akanakhala iye akanagwadanso.

Anamuchotsa pampando pokweza manja. Kenako anamanga geti ndi tcheni, wina n'kuponya mwala pazenera la ofesi. Mkulu uja anatuluka, anayang'ana magalasi ali mbwee pansi, nati iye sakambirana ndi miyala. Mayeso analembedwa tsiku lomwe anakonza poyamba lija. Ilídio analemba. A kutsidya anamva nkhaniyi ali m'minda, ndipo amene anabwereranso kusukulu ndi owerengeka. Ena anakwatiwa, ena akupalasa njinga za katundu kupita ku Muloza.

Páscoa sanalowe m'chipinda cha mayeso. Anati sangalembe amene anamutuma ali kutsidya kwa madzi. Palibe anamuyamika. Kwawo makolo a anzake aja amamupatsa moni wa pakamwa pokha.

Chithunzi chija chinayenda mpaka chinafika kwa a Arlete. Iwo Chipwitikizi sawerenga. Anachikonda kwambiri moti anatuma munthu kukachitsukitsa m'tauni, n'kuchipachika pakhoma pambali pa kalendala ya kutchalitchi, mawu aja ali pomwepo. Mlendo aliyense amamukokera pamenepo.

"Taonani mwana wanga. Wafika ku yunivesite, koma mwambo sanataye."

Páscoa sanawauzepo tanthauzo la mawuwo. Akapita kumudzi amatunga madzi, n'kugwada pansi pa chithunzicho, kuwapatsa mayi ake.