Azakhali Tinawaperekeza Wapansi

Ndinadzuka kusanache chifukwa cha kuzizira. Unali mwezi wa Juni, ndipo chiperoni chinali chitatsika kuchokera ku phiri la Michiru mpaka kukuta Chilomoni yense. Pabalaza tinali titatulutsapo mipando yonse, ndipo bokosi linali pakati, kandulo imodzi ikuyaka chakumutu. Amayi a mphakati wathu, amene anachezera kuimba, anali atagona mothinana pamikeka, atafunda zitenje mpaka kumutu. Panja abambo ankasonkhezera moto osayankhulana. Linali tsiku loika azakhali anga a Rozina, mlongo wa bambo anga, amene ndakhala nawo kuyambira pamene ndinayamba Folomu 1.

Azakhali ankaphunzitsa zakadyedwe pa koleji ina m'tauni muno. Zaka zambiri anathera pa kafukufuku wa kunenepa kopitirira muyezo, makamaka pakati pa amayi ogulitsa m'misika. Ankayenda ndi sikelo komanso tepi yonga ya telala, kuyeza amayi m'chiuno, kuwafunsa zimene adya dzulo, n'kulemba m'kope. Ku Ndirande ankawatcha Amayi a Tepi. Zimene ankapeza ankazilemba m'Chingerezi chovuta, koma akamandifotokozera tikudya zinkamveka bwino. Munthu akamakhala pabenchi tsiku lonse, tiyi wa masipuni anayi, mandasi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera, thupi limakula, ndipo anzake amamuyamikira kuti akusungidwa bwino. Pamene akumuyamikirapo, shuga ndi BP zimakhala zikulowa mwakachetechete.

Iwonso anali onenepa kale. Anachepetsa thupi pang'onopang'ono, ndipo galimoto anayamba kumaisiya pakhomo, kuntchito n'kumapita wapansi. Lachiwiri m'mawa njinga yamoto ya kabaza inawagunda akuyenda m'mbali mwa msewu. Anamwalira madzulo ake kuchipatala.

Bambo anandiuza kuti ndilembe mbiri yawo yokawerenga pamwambo, poti ndine amene ndimakonda kulembalemba. Ndinalemba masamba awiri. Loyamba linali la kubadwa kwawo ku Nsanje, sukulu zimene anaphunzira ndi madigiri awo. Lachiwiri linali la ntchito yawo, ndipo ndi limene ndinalilemba ndi mtima wanga wonse.

Kutayera, abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo, amene anabwera dzulo lake kuchokera kumudzi, anaitanitsa mapepalawo. Anawerenga ali chiimire pafupi ndi moto. Atafika patsamba lachiwiri anatulutsa cholembera n'kudula mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Izi zisawerengedwe," anatero. "Kuyenda n'kumene kwatisonkhanitsa pano. Munthu wa galimoto yake kukafera m'mbali mwa msewu, ndiye tizinyadira? Ndipo zoyeza akazi a eni m'chiuno si zonena pamaso pa ansembe."

Ndinagwada n'kunena kuti, "Bambo, koma ntchito yawo inali imeneyo."

"Ntchito yake inali yauphunzitsi. Basi, kathandize anzako kuseri."

Bambo anga anayang'ana pansi. Kwathu wamng'ono satsutsa mkulu wake pagulu.

Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka pamafuwa asanu. Nkhuni zinali zonyowa ndi chiperoni, ndipo utsi unkangoyenda chapansipansi, kutiliza tonse. Ndikutsuka makapu ndinamva amayi awiri amene sanandidziwe akunong'onezana. Wina anati galimoto anali nayo koma ankayenda ngati waganyu, mwina kunali kuumira. Mnzake anati kuonda kuja sikunali kwabwino, munthu wasukulu saonda popanda chifukwa, ayenera kuti ankadwala kale. Ndinangopitiriza kutsuka. Chimene ndinkaopa chinali chimenecho, kuti azakhali aikidwa ngati munthu amene anafa ndi zopusa zake, ndipo palibe amene adzaimirire kunena chimene ankayendera.

Cha m'ma seveni anthu anayamba kuchuluka. Anabwera anzawo a kukoleji atavala masuti akuda, ophunzira awo, achibale a ku Bangwe ndi ku Machinjiri, ndi anansi. Kenako pamsewu panatulukira gulu la amayi, mwina makumi atatu, atavala chitenje chofanana ndi nsapato zothamangira, zina zong'ambika kutsogolo. Anali amayi a m'misika ya Ndirande ndi Zingwangwa amene azakhali ankachita nawo kafukufuku. Kafukufukuyo atatha iwo sanabalalike, ankakumanabe m'mamawa n'kumayenda limodzi asanakatsegule mabenchi awo. Analowa m'nyumba, analira, kenako anatuluka n'kumanga zitenje kuti agwire ntchito.

Wowatsogolera anali mayi wamkulu thupi, wa mawu okuluwika pang'ono, amene amagulitsa usipa ku Ndirande. Ataona tiyi ali m'dramu ndipo wina wanyamula mbale yodzadza shuga, anapempha kuti ayambe apatulako ndowa imodzi yopanda shuga.

"Kulira tilire, tiyinso atilize?" anatero mayi wa mbaleyo.

Mayi wa usipa anati, "Eni nyumba akadali m'nyumbamu, asisi. Atuluke kaye, ndiye muzithira mmene mukufunira."

Anthu anaseka chapansipansi, ndipo ndowa inapatulidwa. Ineyo ndinamwa wa m'ndowayo, monga tinkamwera m'nyumba muno masiku onse.

Mwambo unayamba cha m'ma teni, chifunga chitayamba kung'ambika. Mbiri anawerenga bambo anga, tsamba limodzi lokha, ndipo inatha msanga moti anthu ena anadzutsa mitu kudikira zotsala. Mkulu wa kukoleji anayankhula za mapepala amene azakhali analemba, koma theka la mawu ake linali Chingerezi, ndipo amayi amene ndinakhala nawo pafupi ankangokonza zitenje. Ansembe anapemphera, anawaza bokosi madzi odalitsa, ndipo adzukulu analinyamula kupita nalo ku galimoto.

Manda ali kumtunda, ulendo wa ola limodzi wapansi. Panali malole awiri ndi minibasi zitatu. Woyendetsa mwambo analengeza kuti amayi akwere lole yoyamba, ndipo anthu anayamba kukankhana monga zimakhalira. Amayi a chitenje chofanana aja sanasunthe. Mayi wa usipa anapita pamene panali abambo aakulu, amene anali atatsegula kale chitseko cha galimoto, n'kugwada pafumbi.

"Bambo, pepani, tikupempha kuti ife tiwaperekeze wapansi."

Abambo aakulu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, n'kutali, ndipo pali chitunda. Ndi thupi lanuli mukafika?"

"Thupi mukulionali ndi lotsala, bambo. Mukanandiona kale, lole yanuyo ikanapendekera mbali imodzi." Anthu amene anali pafupi anabisa pakamwa. Mayiwo anapitiriza osaseka. "Kuchokera pamsika kufika kwathu ndinkapumira katatu. Miyendo inkatupa, kuchipatala anati BP. Mlongo wanu sanandiletse kudya. Anakhala nane pabenchi panga, pa fungo la usipa, n'kundionetsa pochepetsa ndi powonjezera, mawa lake anabwera kudzanditenga kuti tiyende. Mapiritsi ndikumwabe, koma dengu langa ndimasenza ndekha. Yawapha ndi njinga, bambo. Kuyenda sikunawaphe."

Abambo aakulu anayang'ana amayi enawo, amene anali atafola kale awiriawiri kumbuyo kwa galimoto ya bokosi. Kenako anauza dalaivala kuti aziyendetsa pang'onopang'ono.

Tinanyamuka choncho. Amayi aja anayambitsa nyimbo, ndipo mapazi awo ankagunda pansi pamodzi ngati anthu ozolowerana. Ine ndinalowa pakati pawo. Tisanafike pamphambano, ophunzira a azakhali anatsika m'minibasi n'kutitsatira. Pambuyo pake anatsika amayi a mphakati, kenako anzawo a masuti, ena atanyamula majekete pamkono. Malole ankabwera kumbuyo kwathu atatsala ndi okalamba ndi amayi a makanda. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ankaimirira, akabaza ankazimitsa njinga zawo n'kuvula zipewa. Wina anafunsa kuti maliro a ndani, ndipo mayi amene anali pambali panga anayankha kuti a Amayi a Tepi. Wofunsayo anagwira pakamwa.

Pachitunda dzuwa linatuluka ndipo nyimbo inayamba kuduka, anthu akupuma mwawefuwefu. Nditacheuka ndinaona abambo aakulu akuyenda pambali pa bambo anga, chipewa chili m'manja, thukuta likutsika m'khosi. Sindinaone pamene anatsikira. Mayi wa usipa anali patsogolo pathu tonse, ndipo sanaime ngakhale kamodzi.

Kumanda zonse zinayenda mwa dongosolo lake. Adzukulu anatsitsa bokosi, ansembe anaponya dothi, ife achibale tinatsatira. Nkhata zitaikidwa, abambo aakulu anaimirira kuti athokoze anthu m'malo mwa banja. Anathokoza mpingo, adzukulu ndi a kukoleji. Atatero anapukuta kumaso.

"Mlongo wangayu ndinkangodziwa kuti ndi wophunzira," anatero. "Ntchito yake ndaionera pamsewu lero. Ankayeza anthu kuti akhale ndi moyo, ndipo ankayenda kuti ena ayende. Mbiri imene mwamva kunyumba ija ndinaidula ndine. Amayi inu a m'misika, musasiye."

Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira bokosi likutsika. Mayi wina amene sindikumudziwa anandikokera pachifuwa pake mpaka ndinatonthola.

Pobwerera ambiri anakwera malole, ndipo palibe anawanena. Kunyumba anthu anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kutsanzika m'magulumagulu. Pofika madzulo mafuwa anali atazizira, mipando tinaibwezera pabalaza, ndipo nyumba inaoneka yaikulu kuposa kale. Bambo anagona pampando osavula nsapato. Abambo aakulu anakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda amene ndinawaikira.

Ndikutola makapu otsala anandiitana.

"Iwe Chifundo. Zimene ankalemba azakhali akozo zili m'nyumba muno?"

Ndinati zilimo, koma ndi za Chingerezi chovuta.

"Nanga kusukuluko ukukatani? Katenge chimodzi, uzindiuza m'Chichewa."

Ndinalowa kuchipinda kwa azakhali, koyamba chimwalirireni. Ndinatenga pepala limene linali pamwamba pa tebulo, ndi dikishonale yanga, n'kukakhala pansi pafupi ndi beseni. Mzere woyamba wokha unali ndi mawu atatu amene sindinawamvepo. Ndinayamba kuwafufuza limodzilimodzi kuwala kusanathe, ndipo abambo aakulu anandidikira.