Mipando Yofulatirana ya ba Mwango

Ba Mwango Chisenga ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu ku Kabwata. Mzere wathu wonse unkawadziwa chifukwa cha kabokosi kakuda ka vayolini kamene ankakwera nako minibasi m'mawa uliwonse. Makondakitala ankawaseka kuti anyamula mfuti. Vayoliniyo anaphunzira kwa masisitere ku Luapula ali mtsikana, ndipo kwa zaka makumi awiri anaphunzitsa nyimbo pa koleji ina m'tauni.

Ntchito yawo inali yachilendo kwa ife ozolowera kwaya. Ankatenga ophunzira anayi, atatu a mavayolini ndi mmodzi wa chelo, chivayolini chachikulu chija choimika pansi, n'kuwatsekera m'kachipinda masana onse kuti aphunzire kuimbira pamodzi popanda munthu woima kutsogolo n'kumawakupizira manja. Ankati zili ngati anthu anayi otsitsa kabati pamasitepe: mmodzi akafulumira, onse apweteka. Anali mayi waukali, wosadziwa kunyengerera, koma ankaikonda ntchitoyo kuposa china chilichonse, ndipo ndinkawasirira.

Mu 1996, nthawi imene makampani ankagulitsidwa uku ndi uku, pakolejipo panabwera mkulu watsopano. Iye anati kalasi ya anthu anayi n'kuwononga chipinda. Analonjeza kuti adzabwera ku konsati yotsekera teremu. Akakhutira, kalasiyo ikhala. Akapanda kukhutira, m'chipindamo aikamo makompyuta.

Chaka chimenecho ba Mwango anali ndi gulu limodzi lokha, ndipo linali ndi vuto. Pagulu lotere woyambitsa nyimbo ndi wa vayolini yoyamba: amayang'ana anzake, kukoka mpweya, kugwedeza mutu, onse n'kulowa pamodzi. Wa vayolini yoyamba anali Salifyanji, mtsikana wa ku Chilenje wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, zala zake zopepuka zedi. Koma pa chelo panali ba Killian, ahedi a pulayimale amene anabwera kudzawonjezera maphunziro, imvi mbuu, komanso mkulu wa mpingo kutchalitchi kwa Salifyanji yemweyo.

Ikakwana nthawi yoyamba, mtsikanayo ankangoyang'ana pansi kudikira akuluakulu. Ba Killian nawonso, pozolowera kuyambitsa chilichonse kuyambira pemphero mpaka msonkhano wa makolo, ankalowa nthawi yawoyawo. Enawo awiri ankangotsatira aliyense amene wamveka.

"Salifyanji, bayangane ba Killian, ubapase sign!" anakalipa ba Mwango.

"Madam, siningakwanise," anayankha mtsikanayo. "Ni bakulu ba mpingo. Nizabagwedezela bwanji mutu monga ni mwana?"

"Ine nilibe problem, mwana wanga," anatero ba Killian mokoma mtima. Atayambanso, analowa msanga ngati kale.

Masabata atatu anatha ba Mwango akukalipa. Ine ndinawauza kuti angolola ba Killian aziyambitsa, nkhani ithe. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. M'nyimbo imene anasankhayo, anatero, vayolini ndiyo imanyamula mawu oyamba, ndipo sangasinthe nyimbo chifukwa cha imvi za munthu. Koma ndinaona kuti mantha awagwira. Anasiya ngakhale kuthirira repu wawo kuseri kwa nyumba.

Lolemba lina analowa m'kachipindako n'kutembenuza mipando yonse inayi kuti ifulatirane, aliyense ayang'ane khoma lake.

"Manje palibe woyangana munzake," anatero. "Salifyanji, iwe pema chabe, mwamphamvu, bakumvele. Ba Killian, imwe simuona chilichonse. Mvelani."

Mtsikanayo, posaona nkhope ya mkulu wa mpingo, anakoka mpweya momveka. Ba Killian, posowa woti amutsogolere, anatchera khutu. Analowa pamodzi kwa nthawi yoyamba. Ba Mwango sanawayamikire, si khalidwe lawo. Anangoti abwerezenso, ndipo anabwereza masana onse, mawa lakenso, mpaka sabata ziwiri. Kenaka ankatembenuza mipando pang'onopang'ono tsiku lililonse, mpaka anayang'anananso.

Ku konsatiyo ndinapita, nditavala suti yanga ya maukwati. Holo inali yotentha, anthu osakwana makumi asanu, mkulu wa koleji ali kutsogolo ndi nkhope yosasekerera. Anayiwo atakhala, Salifyanji anaweramitsa maso monga anamulerera amayi ake. Ndinati zabwereranso. Koma m'kachetechetemo tonse tinamva akukoka mpweya, ndipo zingwe zonse zinalira ngati munthu mmodzi. Sindidziwa za nyimbo zoterezi, koma ndinasangalala mpaka misozi. Mtsikanayo sanawayang'ane ba Killian m'maso ngakhale kamodzi, ndipo panalibe chifukwa choti atero.

Itatha konsati, mkulu wa koleji anadutsa ba Mwango, anadutsa Salifyanji, n'kukagwira chanza ba Killian, poganiza kuti wa imvi ndiye mwini gulu. Anawafunsa ngati angadzaimbenso pa tsiku lopereka masatifiketi, popeza chipinda chija chikhalabe chawo.

Ba Killian anapukuta thukuta, n'kuloza mtsikana uja amene anali kumbuyo akutseka kabokosi kake.

"Funsani aba," anatero. "Ndiye bamene batiyambisa. Ine nimangokonka, kubatsatila chabe."