A Malemu Apempha Mawu

A Malemu anafa koyamba ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito kwa kalipentala, ndipo anawatuma kukasiya mipando kumene anthu ankajambula filimu. Munthu amene anayenera kukhala mtembo tsiku limenelo ankangoseka akayamba kumulira. Wotsogolera filimu atatopa naye anaunguza uku ndi uku, n'kuona munthu wowonda atasenza mpando.

"Inu, tagonani apa."

Anagona. Sanaphethire. Dzina linayambira pomwepo, ndipo lenileni ngakhale apongozi awo analiiwala.

Ine ndinkagwira ndodo ya maikolofoni, choncho imfa zawo zambiri ndinazionera pamwamba. Anawawombera mfuti, anawabaya, anawagunda ndi galimoto. M'filimu ina anafa katatu, akungosintha malaya ndi ndevu.

Ntchitoyi inali ndi malamulo ake. Tsiku lojambula sankadya nyemba, kuopa kuti mimba ingalankhule pa maliro. Mpweya ankaugwira mpaka kuwerenga makumi asanu ndi anayi. Maso ankawatsegula pang'ono n'kuwasiya pa msomali umodzi wa padenga. Magazi a m'filimu amapangidwa ndi shuga ndi utoto, ndiye nyerere zimabwera ndi abale awo omwe. A Malemu ankazisiya zidye. "Mtembo sukanda," ankatero. Osewera otchuka sankawawerengera. "Kulira aliyense amatha, anyezi alipo. Agone apa ntchentche ili pamphuno, tione."

Akazi awo anali telala. Filimu iliyonse yatsopano ankapita kukaionera atavala diresi yosoka okha. Nkhope ya amuna awo sinkaoneka kawirikawiri. Nthawi zambiri ankangoonetsa mapazi atatulukira kunsi kwa nsalu. Koma chala chachikulu cha phazi lakumanzere chinali chopindika, ndipo mayiwo akangochiona ankawomba m'manja, holo yonse ili m'misozi.

"Mwafa bwino lero, abambo," ankatero potuluka.

Kenako ng'ala inawagwira mayiwo m'maso onse awiri. Anasiya makina osokera, chala chija sanachionenso. Tsiku lina akuchokera ku holo anakhala pampando osavula nsapato.

"Maola awiri ndakhala ndikumvera amuna a eni ake. Inu munali pati?"

"Patebulo la kuchipatala, amayi. Pafupi ndi zenera."

"Ndidziwa bwanji? Mwina munali kumowa. Ndikapanda kukumvani m'filimu ikubwerayi, ine ku holo basi."

A Malemu anapita kwa wotsogolera amene tinkagwira naye chaka chimenecho. Tinkamutchula kuti a Bwerezani, chifukwa palibe chimene chinkamukhutiritsa ulendo woyamba.

"Ndikupempha mawu, bwana."

"Mawu a chiyani, madala?"

"Oti ndilankhule. Ngakhale awiri."

"Zaka makumi atatu muli chete, lero mwadya chiyani?"

Atamva za mayi aja, a Bwerezani anakanda mutu n'kutsegula pepala la sewero. Panali mlonda wa pageti la munthu wolemera. Achifwamba akafika, mlondayo anene kuti, "Abwana atuluka." Akatero amuwombere.

"Mwaona? Mulankhula, komanso mufa. Palibe chotayika."

Milungu itatu a Malemu anayeserera mawuwo. Anauza galasi kuti abwana atuluka. Anauza ketulo. Anayesa mokalipa, mwamantha, mwaulemu. Sanaone tulo tabwino. Akazi awo mpaka anafunsa, "Abwana akewo sabwerako?" Koma anatulutsa nsalu imene anasunga kalekale n'kupempha mnzawo kuti awasokere diresi.

Tsiku lojambula linafika. Panali geti lachitsulo, dzuwa lowawa, ndi galu wamkulu wobwereka amene anayenera kuopseza achifwamba. Galuyo ankangowanyambita manja. A Malemu anaima pageti atavala chikhoti cha ulonda, ine nditaimika maikolofoni pamwamba pa chipewa chawo.

"Akishoni!" anakuwa a Bwerezani, kamera n'kuyaka.

Thupi limene lamva mawu amenewa zaka makumi atatu limadziwa chinthu chimodzi. A Malemu anasiya kupuma. Maso anatsika pang'ono n'kukakhazikika pa msomali wa pageti. Anafa chiimire.

"Dulani! Madala, mulankhule kaye. Kufa n'kwapambuyo. Bwerezani."

Anabwereza kasanu ndi kanayi. Pakati pake mawu ankatuluka bwinobwino, moti anauza mayi wopaka magazi kawiri kuti abwana atuluka. Koma kamera ikangoyaka, zii. A Bwerezani anayesa kuwomba m'manja m'malo mokuwa, sizinathandize. Pa ntchito yanga yonse sindinajambulepo bata loyera ngati limenelo.

Mawu aja anapatsidwa kwa amene ankasewera ngati dalaivala. A Malemu anawomberedwa osanena kanthu, n'kugwa pafupi ndi geti monga mwa masiku onse. Anawauza kuti asasunthe, magazi angafufutike, pamene ena ankalimbana ndi galu kuti aonetseko mano. Zinatenga nthawi. Dzuwa linawotha, ndipo tulo ta milungu itatu tinapeza mwini wake.

Mtembo unayamba kuliza mkonono.

Sunali mkonono wamba. Unkayambira pansi penipeni, kugudubuzika ngati mgolo wopanda kanthu, kuima pang'ono, kenako kumaliza ndi kalikhweru. Achifwamba anakhala pansi ndi kuseka. Galu anathawira kuseri kwa galimoto. Makina anga ojambulira mawu anali chiyakire, ndipo sindinawazimitse.

Atadzuka n'kumva zimene zachitika, a Malemu anasamba magazi mwakachetechete. Potuluka anaima pafupi nane.

"Achimwene, diresi yasokedwa kale. Ndikawauza chiyani?"

 Kunyumba sanakanene kanthu.

Patapita mwezi ndinali m'kachipinda kolumikizira zithunzi ndi mawu. Mayi amene ankagwira ntchitoyo anali atagwira tsaya. Anali atapeza chithunzi chimodzi chokha pamene galu anaonetsa mano, ndipo pamenepo n'kuti akuyasamula. Phokoso loopsa panalibe. Ndinamupatsa zimene ndinali nazo. Anamvetsera, n'kufunsa kuti chilombo chimenechi ndinachijambula kuti. Ndinati pageti pomwepo.

Filimu inaonetsedwa koyamba Loweruka masana. A Malemu anakhala pafupi ndi akazi awo ngati munthu wodikira chigamulo, ine kumbuyo kwawo. Geti linaoneka. Dalaivala anati abwana atuluka. Mfuti inalira. Mayi aja anapendeketsa mutu, kudikira, ndipo manja awo anali phee pa diresi yatsopano.

Kenako nkhope ya galu inadzaza chinsalu chonse, ndipo phokoso linagwedeza mipando. Ana anabisa nkhope. Mayi aja anawongoka.

"Amenewo ndi amuna anga."

Bambo wina wa kutsogolo anatembenuka. "Mayi, ameneyo ndi galu."

"Galu wake uti? Zaka makumi atatu ndikugona pambali pa phokoso limeneli. Dikirani, amaliza ndi kalikhweru."

Kalikhweru kanalira. Mayi aja anawomba m'manja okhaokha, nthawi yaitali, mpaka wina anapempha kuti akhale chete anthu amve filimu.

Panja a Malemu anandikokera pambali.

"Achimwene, mwandisandutsa galu."

"Galu wa abwana," ndinatero. "Wolankhula."

Anaganiza kaye. Asanayankhe, akazi awo anawapeza ndi dzanja n'kuwakola pamkono.

"Mwasewera bwino, abambo. Koma kunyumba mumaposa pamenepa. Ikubwerayo ndi liti?"