Kamkazi ka mu foni ya a Fundo

Kwa Santhe kunamveka mphekesera yoti a Lucious Fundo apeza kamkazi ka ku Lilongwe. Zinali zovuta kukhulupirira, poti mkuluyo mano anatha kalekale, komatu odutsa pa chigafa chawo cha fodya ankamvadi mawu a mkazi akuyankha mofatsa mu foni.

A Fundo anabadwira mu fodya, nakalambira momwemo. Moyo wawo wonse ankafunsa akazi awo, a Lefina, chilichonse: tsiku lofesa nazale, nthawi yothyola, ngakhale malaya ovala ku tchalitchi. Chaka chatha mwana wawo anawaikira mu foni makina oyankha mafunso aja, ati nzeru zochita kupanga. Nazale itagwidwa matenda anajambula tsamba, makinawo n'kutchula mankhwala, mbande n'kuchira. Basitu, kuyambira pamenepo a Lefina sanafunsidwenso kanthu. Pa chakudya pankangomveka kutafuna.

Atatopa, mayiwo anamanga katundu kubwerera kwawo kwa Lukwa, ankhoswe n'kukhalirana pansi.

"Alamu, tamuitanani mnzanuyo timumve," anatero mlongo wawo wa a Lefina.

A Fundo anaika foni pakati n'kuifunsa kuti ndiwe yani. Inayankha mwaulemu kuti si munthu, ndi makina chabe.

"Akanakhala mkazi ndikanakam'zula tsitsi," anatero a Lefina, misozi ili chuchuchu. "Nanga ichi ndimenyana nacho bwanji?"

Mpaka lero a Lefina sanabwerere. Fodya wakhwima m'munda, womusoka palibe. Ku Lilongwe kunalibe mkazi aliyense.