Tsiku Lomwe Majombo Anakana Kuvuka

Linali Lachiwiri lomaliza la mwezi wa Novembala chaka chathachi, nthawi itangopitirira 3 koloko masana. Ndinali nditangoweruka ku esiteti. Ndinakhala pakhonde, n'kukoletsa chidendene cha jombo pamwala wa pakhomo monga ndimachitira masiku onse, n'kukoka. Silinasunthe. Ndinayesa linalo, nalonso linakana.

Ndine kapitawo wa anthu othyola tiyi, ndipo ntchito yanga ndi kuima. Ndimaima m'munda kuyambira mame asanaume mpaka dengu lomaliza litakwera pasikelo, kuyang'ana kuti aliyense akuthyola masamba awiri ndi kansonga, osati kukudzula tchire lonse. Anthu amandidziwa kuti ndine munthu wosamala. Mowa sindimwa, fodya sindinamukhudzepo, ambulera ndimanyamula ngakhale kumwamba kuli mbee. Munthu wotere sayembekezera kugonjetsedwa ndi nsapato.

Akazi anga anatuluka m'nyumba atanyamula lichero, n'kuima.

"Mukulimbana ndi ndani, bambo?"

"Majombo a masiku ano," ndinatero. "Akumawaoda kumayiko a anthu a timapazi ting'onoting'ono. Kale ankachokera ku Joni. Amenewo ndiye anali majombo."

"Awa si omwe munalandira chaka chatha? Ayamba liti kuchokera kudziko lina ali kumapazi kwanu?"

Zoona zake n'zakuti anali atayamba kundithina sabata zingapo m'mbuyomo, koma ndinkati ndi kutentha.

Ine ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa akazi anga, cha ku Nchilamwela, choncho palibe chomwe chimandichitikira popanda abale awo kuchiona. Akazi angawo anakaitana alongo awo, alamu anga, omwe amayendetsa lole yonyamula tiyi kupita ku Beira, nthawi zina mpaka ku Joni. Sabata imeneyo anali pakhomo. Anafika akuseka asanaone n'komwe.

"Alamu, mwayamba liti kudya mobisa? Anzanu amanenepa mimba, inu mwayambira pansi?"

Anathira madzi a sopo m'majombomo. Akazi anga anandigwira m'mapewa, alamu anakoka. La kumanja linavuka, alamu n'kukhala pansi nalo limodzi. La kumanzere linakaniratu.

Tonse tinayang'ana phazi lomwe linatulukalo. Linali lonyezimira ngati mandasi ongochoka m'mafuta, mfundo za m'kakolo osaoneka. Akazi anga anadina ndi chala pamwamba pake. Atachotsa chalacho, panatsala kadzenje ngati padothi lonyowa, ndipo kanatenga nthawi kuti kabwerere.

Alamu anasiya kuseka.

"Ku Joni ndinali ndi mnzanga wina, dalaivala. Anayamba chonchi. Zinali impso."

Apa ndinapeza poima. Ndinafika Folomu 4, ndipo wailesi ndimamvera mwachidwi, makamaka mapulogalamu a zaumoyo. Ndinawafotokozera mofatsa kuti matenda a impso ndi a mayiko olemera, komwe anthu amadya nyama m'mawa, masana ndi madzulo, n'kumatandala pampando wozungulira. Ku Joni n'zomveka, chifukwa kumeneko ngakhale dalaivala amadya ngati bwana. Ku Ulaya ndi ku Amereka ndiye kwawo kwenikweni. Koma ku Thyolo? Munthu wodya mgaiwa ndi nandolo, woyenda pansi kukwera zitunda tsiku lililonse?

"Munamvapo wothyola tiyi akuti ndikudwala impso?" ndinafunsa. "Kuno timadwala malungo ndi chifuwa."

"Nanga aja amangotupa n'kutisiya, ife n'kumati awalodza," anatero alamu, "anali a ku Amereka?"

Anakatenga njinga yamoto. Ndinakwera kumbuyo, phazi limodzi m'jombo, lina m'patapata wa akazi anga yemwe anangolowa zala zitatu. Panjira tinadutsa amayi a m'gulu langa akubwerera kwawo, madengu kumsana. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, maso ali kumapazi.

Kuchipatala cha pa esiteti tinapeza adokotala akukonzekera kutseka. Ndi mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anayang'ana jombo lija, n'kutenga lumo ndi sizasi yaikulu.

"Adokotala, ameneyu ndi katundu wa kampani."

"Nanga phazili ndi la ndani?"

Anadula. Kenako anandimanga chija choyezera kuthamanga kwa magazi, anayang'ana, anachimasula, n'kuchimanganso mkono winawo. Sanandiuze kanthu, koma milomo yawo inandiuza. Anandipatsa kabotolo kuti ndikasiyemo mkodzo. Ndinabwera nako kali ndi tochepa, takuda ngati tiyi wopanda mkaka yemwe waiwalidwa pamoto, thovu pamwamba. Anaviikamo kapepala, n'kukayang'ana pazenera.

"Thovuli layamba liti?"

"Pakhala pakutha miyezi."

"Mumamwa mankhwala aliwonse?"

Ndinati ayi. Kenako ndinakumbukira timapilitsi ta msana ndi mutu tomwe ndimagula paokala. Timeneto sindinkatiwerengera ngati mankhwala. Tinali ngati mchere wa m'ndiwo, tiwiri m'mawa, tiwiri poweruka.

"Madzi mumamwa ochuluka bwanji mukakhala m'munda?"

"Sindimwa."

"Pang'ono?"

"Sindimwa n'komwe. Ndimamwa ndikafika kunyumba."

Anaika cholembera pansi, n'kudikira. Ine ndinayang'ana alamu. Alamu anamva, anatuluka.

Wosadziwa munda wa tiyi sangamvetse. Tiyi amalekezera m'chiuno, ndipo timamudulira kuti pamwamba pakhale see ngati tebulo. Mulibe mtengo wobisalako, mulibe chulu. Munthu akaima pakati, amaoneka kuchokera kutsidya la chigwa. Chimbudzi chili kumusi, pafupi ndi shedi ya sikelo, ndipo njira yopita kumeneko ndi imodzi. Kapitawo akaitsata nthawi yoyeza isanakwane, gulu lonse limadziwa komwe akupita ndi chomwe akukachita.

Tsono m'gulu langa mumathyola amayi aang'ono a akazi anga, mng'ono wawo wa amayi awo owabereka. Kwa ine amenewo ndi apongozi, sitichotserapo kanthu. Kwathu kuno mkamwini sadya apongozi akuona. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire, moni timapatsana titayang'ana kumbali. Ndiye ine ndidutse pamaso pawo, dzuwa likuswa mtengo, kulunjika kuchimbudzi? Tsiku lomwe anawaika m'gulu langa ndinasiya chigubu changa cha madzi kunyumba. Nthawiyo mwana wanga wotsiriza ankakwawa. Pano ali ku sekondale.

Ndinkanyadira nazo. Akapitawo anzanga akamapatuka kawirikawiri, ndinkawaona ngati ana. Ine ndinkaima chilili, kukhosi kuli gwa, mutu ukugunda, n'kumati uku ndiye kudzigwira. Mutuwo ndi msana ndinkazitonthoza ndi timapilitsi tija.

Ndinawafotokozera adokotala zonsezi m'mawu ochepa momwe ndikanathera. Sanaseke.

"Koma adokotala," ndinayesanso, "si matenda a kunja amenewa?"

"Kunja amaoneka ambiri chifukwa amayezetsa," anatero. "Kumayiko olemera zimayamba kwambiri ndi shuga, kunenepa ndi kuthamanga kwa magazi. Kuthamanga kwa magaziko inunso muli nako, osafunika kukwera ndege. Koma kulinso mayiko otentha komwe impso zikutha mwa anthu owonda ngati inu, ogwira ntchito padzuwa. Odula nzimbe a ku Central America, alimi a mpunga a ku Sri Lanka. Akatswiri sanagwirizane chenicheni, koma kutentha ndi ludzu akuzikayikira kwambiri."

Sri Lanka ndinkangoidziwa kuti ndi anzathu olima tiyi. Sindinaganizepo kuti tingafanane pa zina.

"Nanga kuno tilipo angati?"

"Sitidziwa bwino. Ambiri amabwera mochedwa, ena sabwera n'komwe. Kusawerengedwa si kuchepa, a kapitawo."

Anandiuza kuti iwo alibe choyezera magazi kuti aone momwe impso zikugwirira ntchito. Ndipite kuchipatala chachikulu cha ku Boma mawa lomwelo. Timapilitsi tija ndisiye, mchere ndichepetse.

"Ndiye ndikamwe ndowa yathunthu usiku uno?"

"Ayi. Madzi a zaka zonsezo simungawamwe lero. Mapazi atupa kale. Imwani mwa ludzu lanu, zina akakuuzani akakuyezani."

Pobwerera ndinakwera kumbuyo kwa alamu, jombo lodulidwa lili m'manja. Ndinkachita mantha, ngakhale nthawiyo ndinkawatcha dzina lina. Ndinali nditamvapo za makina osefa magazi a ku Blantyre, kuti ndi ochepa ndipo odikira ndi ambiri, komanso kuti ukayamba sumasiya. Ndinaganiza kuti bola osadziwa. Pofika pakhomo ndinali nditakonza kale mfundo zanga, zomveka bwino ngati za munthu wosamala. Mvula yayamba, tiyi waphuka, ino ndiyo nyengo yomwe kapitawo sachoka m'munda. Ku Boma ndidzapita masamba akachepa, mwina mu Meyi.

Akazi anga anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mu Meyi mudzapita ndi mapazi ati?"

"Ndanena."

Sanatsutsenso. Anaika madzi osamba kubafa, n'kutuluka. Ndinaganiza kuti ndapambana.

Dzuwa likulowa, ndili pakhonde mapazi ali pampando, ndinamva kutsokomola kumbali kwa nyumba. Ndinakudziwa. Ndinatsitsa mapazi msanga, n'kuwafunditsa thaulo. Apongozi anakhala pansi kuseri kwa ngodya, atandifulatira, moti ndinkangoona nsonga ya mpango wawo. Akazi anga anakhala pakati pathu. Apongozi ankalankhula Chilomwe, chomwe ndimamva bwinobwino, koma mwambo umafuna kuti mawu adutse mwa wina, ndiye akazi anga ankabwereza ngati ndine mlendo wochokera ku Karonga.

"Akuti amva za mapazi."

"Auzeni kuti ndathokoza. N'zazing'ono."

"Akuti amvanso chifukwa chomwe simumwera madzi m'munda."

Ndinayang'ana kunyumba kwa alamu. Munthu ameneyu anatuluka m'chipinda cha adokotala, koma zikuoneka kuti sanapite patali ndi chitseko.

Apongozi analankhula nthawi yaitali, motsitsa mawu. Akazi anga anayamba kubwereza, kenako anaima, n'kuphimba pakamwa ndi chitenje. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Sindinafunikenso womasulira, koma anamaliza ndithu.

"Akuti iwonso chigubu chawo anachisiya kunyumba tsiku lomwe anawaika m'gulu lanu. Akuti mkamwini amaima pakati pamunda ngati bulugamu, osasuntha, osayang'ana kwina, kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Iwo akanadutsa pati? Akuti ankadikira kuti tsiku lina mupatuke ngati anthu ena, nawonso apezerepo mpata. Simunapatukepo."

Akazi anga anapitiriza.

"Akuti amayi ena a m'gululi anaonera iwo. Wamkulu akapanda kupita, wamng'ono apita bwanji? Akuti gulu lanu limadziwika esiteti yonse kuti ndi la anthu osamwa madzi. Ena amayesa ndi mpingo."

Zaka zonsezi ndinkamva anthu akuyamikira gulu langa kuti silitaya nthawi, ine n'kumavomera ndi mutu modzichepetsa.

Apongozi anawonjezera kanthu kena kakafupi. Ulendo uno akazi anga sanaphimbe pakamwa.

"Akuti nsapato zawo za kutchalitchi anasiya kuvala nthawi ya Pasaka. Sizilowa. M'mawa amadzuka zikope zitatupa. Amayesa ndi ukalamba."

"Anapitako kuchipatala?"

Apongozi anayankha okha, m'Chichewa, ali chifulatirebe. Kupatula moni, aka kanali koyamba kundilankhula mwachindunji chikwatirire mwana wawo.

"Ndimva kaye zomwe akakuuzeni inu, bambo. Mukapita mu Meyi, nanenso mu Meyi."

Anadzuka, anakonza chitenje, n'kumapita. Ndinawayang'ana akuyenda, chinthu chomwe sindinachitepo. Ankaponda mosamala, ngati pansi pali minga.

Mfundo zanga zija zinali zabwino ndithu, koma ndinazikonzera munthu mmodzi. Mapazi anga ndikanatha kuwauza kuti adikire masamba achepe. A apongozi ndinalibe nawo ulamuliro umenewo.

M'mawa mwake ndinadzuka kusanache bwino. Majombo ndinalibe, nsapato zanga zinakana, ndiye ndinabwereka masandasi a alamu, omwe anandipatsa akunena kuti ndisawatanule. Ndinadutsa kwa kapitawo mnzanga kumupempha kuti andigwirire gulu ndi kukandinenera kuofesi. Ndinamuuzanso kuti akauze amayiwo kuti aliyense azibwera ndi chigubu, ndipo wofuna kutsikira kumusi azitsika, kapitawo aziyang'ana phiri. Anandifunsa ngati lamuloli lachokera kwa abwana. Ndinati lachokera ku Sri Lanka.

Akazi anga anakatenga apongozi, ndipo pamsewu tonse atatu tinakwera minibasi ya ku Boma. Ine ndinakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, apongozi mpando wakumbuyo kwenikweni, akazi anga pakati kuti azidutsitsa mawu. Tisananyamuke ndinagula mabotolo awiri a madzi kwa mayi wina wogulitsa pasiteji. Limodzi ndinalipereka kumbuyo, linayenda dzanja ndi dzanja mpaka linafika. Linalo ndinatsegula, n'kumwa pang'ono, apongozi akuona.