Foto Yopita kwa Amalume

Ndikukumbukira ulendo wanga woyamba wa ku Cuamba, ndipo sunali wokaona malo ayi, unali wokatenga umboni. Tinali titabwerera kwathu ku Ngauma kuchokera ku Malawi komwe tidathawira nkhondo, koma amalume, mlongo wawo wa amayi, adatsalira konko. Iwo sankakhulupirira kuti kuno kwazizira, nkhondo yatha. Aliyense wodutsa malire pa njinga ankabwera ndi uthenga womwewo: "Mwana wa mlongo wangayo mundibwezere, asakafere m'tchire." Ndiye mukudziwa, kwathu mawu a amalume pa mwana amalemera kuposa a bambo. Ine sindinkafuna kupita. Kumeneko kunali mbuzi zoweta ndi chikwapu, kuno kunali amayi.

Fodya atagulitsidwa, bambo anati tikajambulitse, amalume aone okha kuti mwana ali ndi masaya. Amayi anayamba kundinenepetsa ngati nkhumba ya paukwati, mbatata ndi chiponde osapumira, ndipo tsiku lonyamuka anandidzoza mafuta mpaka m'makutu.

Pa Mandimba tinafika pa njinga, n'kukwera lole pamwamba pa matumba a nyemba. Fumbi lofiira litakumana ndi mafuta aja ndinasanduka njerwa yowotcha, koma sindinasamale. Maso anali pa mapiri. Kwathu phiri limavala mitengo, koma awa anali miyala yokhayokha, yosalala, yongotumphuka pachigwa ngati wina waiiwala pamenepo. Kenako tauni: misewu yotakata yoti ng'ombe n'kusochera, nyumba za Apwitikizi za makhonde aatali, fungo la buledi wotentha, anthu akukuwa m'Chimakuwa chomwe sindinkamvapo kanthu. Tili pafupi ndi njanji nthaka inayamba kunjenjemera, ndipo komboyo, sitima ya pamtunda yochokera ku Nampula, inalowa ikubuula, anthu atatulutsa mitu m'mazenera, amayi ogulitsa nthochi akuithamangira ndi malichero pamutu. Ndinaiwala kutseka pakamwa.

Wojambula tinamupeza pomwepo, mwamuna wachipewa, kamera ili pakhosi ngati chithumwa. Bambo anandipukuta kumaso ndi mpango, wojambulayo n'kutiimika pakhoma loyera. Apa m'pamene matenda anga anayambira, omwe ndikudya nawo mpaka lero. Ndinali nditaona kumsika kuti wogula tomato sachoka asanamuikire basela, kaphwetekere kapamwamba kaulere.

"Patarawu," ndinatero, kumutcha bwana m'Chipwitikizi, "nanga basela? Foto tagula, mutiikiremo komboyoyo."

Wojambulayo anayang'ana bambo. "Uyu ndi wanu? Adzakugulitsani muli m'tulo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mutu wa komboyo wokha, eti?"

"Yonse. Ndi phiri lili kumbuyolo."

Bambo anafuna kundikhalitsa chete, koma nawonso zaulere sankadana nazo. Wojambula anatiimika pafupi ndi komboyo, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, diso lili pa kamera. Anabwerera, nabwerera, kudumpha ngalande, kupatutsa mbuzi, mpaka mawu ake oti tisagwedezeke tinkawamvera mumphepo. Bambo anatukula chifuwa. Ine ndinafufumitsa masaya, mumtima ndikuti munthuyu ndamudya.

Foto inkayenera kukatsukidwa ku Nampula, ndipo inatipeza kumudzi mvula itayamba. Inali yokongola, sindinama. Komboyo yonse inalimo, phiri lili njo, mitambo ili mbuu pamwamba pake. Ife tinali timadontho tiwiri pafupi ndi gudumu, kamodzi kotalikirapo pang'ono. Amayi anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kukhala pansi. Chiponde chonse chija. Ndalama ya ulendo wina panalibe, choncho bambo anaikulunga m'pepala n'kupatsira wa njinga. Masiku amenewo ndinkagona ndikuona mbuzi za amalume.

Wa njinga uja atabwerako anayamba wamwa madzi, osafulumira, ife mitima ili m'mwamba. Kenako anati, "Akuti mwanayo sanamuone. Ayang'ana mpaka misozi, aitana ndi aneba, palibe. Koma afunsa ngati sitimayo ikuyendadi, masanasana, anthu mitu ili panja choncho."

"Ikuyenda," anatero bambo.

"Ndiye akuti ngati zili choncho dziko lapola. Mwana akhale."

Lero ndimagulitsa nsapato za kaunjika mumsika wa ku Cuamba komweko, ndipo madzulo ndimaona achinyamata akudzijambula ndi mafoni pafupi ndi njanji. Amatambasula mkono, nkhope n'kudzaza ponse, kufufuta, kuyambiranso, ndipo asanatsitse mkonowo wachibale wa kutali waona kale. Ndikawauza kuti atalikire pang'ono malo alowemo, amaseka. "Madala, phiri silipita kulikonse." Sindiwatsutsa. Iwo anabadwa zonse zili m'malo mwake, ndipo palibe anawafunsapo umboni woti kwawo n'kokhalika.