Satifiketi ya Aloya a Pakhonde

Kuseri kwa khoti kunali kachipinda kopanda windo, kakhonde kake kokwana benchi imodzi. M'menemo munkagwira ntchito mayi wina amene anthu ankangowatchula kuti Aloya. Uloya wake uti! Sukulu analekeza ku sekondale. Koma atatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akutayipira anthu makalata olumbira ndi madandaulo, nkhani za m'khoti zinawalowa m'magazi. Munthu ankafika akulira, kufotokoza zosamveka mutu wake, iwo n'kumutulutsira pepala limodzi loti ngakhale woweruza agwedeze mutu.

Chuma chawo chonse chinali kompyuta yakale ndi makina a fotokope. Makinawo anali ndi khalidwe lawolawo. Akameza pepala, pankafunika kuwamenya kawiri kumanzere ndi chikhatho, kwinaku ukukweza thireyi ndi bondo. Ndi makina amenewa amene ankadyetsa ana atatu ndi amuna awo, omwe anasiya udalaivala maso atayamba kuchita chifunga.

Chimene chinkawawawa Aloya n'chakuti pakachitika nkhani yaikulu, anthu omwewo ankawadutsa n'kukwera masitepe a ofesi ya maloya enieni. Kumeneko kunali kalaliki wina wa tayi, mwana wadzulodzuloli, yemwe ankatsika mozemba kudzafunsa Aloya kalembedwe ka zikalata. Tsiku lina, akudikira mafotokope ake, kalalikiyo anatchula malipiro ake a pamwezi. Aloya anangoti kukamwa yasa.

"Mayi, inu mukutaya nthawi muno," anatero kalalikiyo. "Kachiteni kosi ya othandiza maloya. Miyezi isanu ndi inayi basi, satifiketi m'manja. Ndi mutu wanuwo angakulimbiraneni."

Anapita kukafunsa ku koleji ina yapafupi ndi depoti ya mabasi. Fizi yake, kuphatikiza mabuku ndi mayeso, inali ndendende mtengo wa kompyuta ndi makina a fotokope. Maphunzironso anali a masana, nthawi yomwe pakhonde pamadzaza anthu.

Loweruka m'mawa anakhala patebulo ndi amuna awo, pepala pakati. Mbali ina analemba fizi, mbali ina malipiro a kalaliki aja.

"Onani bambo, miyezi isanu yokha ndalama yabwerera. Kuyambira pamenepo ndi phindu lokhalokha."

"Nanga zimene mumapeza panopa mwalemba pati?" anafunsa amuna awo, atayandikizitsa pepala kumphuno.

"Zimenezi ndi ndalama? Timasiliva tongothera m'manjati?"

"Timasiliva tomweto n'timene tikudya m'nyumba muno, amake ana."

"Inu mumaopa chilichonse. Mukufuna ndidzafere pakhonde, ana a dzulo akundituma?"

Bambowo anabwezera pepalalo patebulo. Ndipo apa ndi pamene Aloya anaphonya, abale inu. Ndalama yawo inkabwera pang'onopang'ono, wina wa masamba awiri, wina wa kalata imodzi, n'kuthera pamsika tsiku lomwelo. Sanaionepo itaunjikana pamodzi, ndiye ankaiyesa yopanda pake. Akanaiphatikiza mwezi wathunthu akanapeza kuti ikuposa ya kalaliki wa tayi uja. Koma munthu akafuna chinthu, masamu amamumvera.

Amene anagula kompyuta ndi makina aja anali mlamu wawo, mchemwali wa amuna awo, yemwe ankagulitsa zovala zakale. Anatenganso kachipinda komweko. Aloya anamuphunzitsa kutayipa milungu iwiri, n'kumusiyira m'kompyutamo zitsanzo zonse za makalata zimene anasonkhanitsa moyo wawo wonse. Ankati nanga iwo azitani nazo, poti akupita kumwamba kwa masitepe?

M'kalasi anali wamkulu kuposa mphunzitsi. Anzawo ankawatchula kuti anti, ena n'kumakopera ntchito yawo. Miyezi imeneyo kunyumba kunali moto. Mwana wamkulu anasiya kukwera basi popita kusukulu, wailesi inagulitsidwa, kenako mipando iwiri. Amuna awo sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo kusadandaulako n'kumene kunkawapweteka Aloya koposa. Mayeso anakhoza bwino kuposa kalasi yonse. Satifiketi inabwera ndi chidindo chofiira, anaiika mufulemu.

Kenako anayamba kuyenda. Nsapato zinatha zidendene. Ofesi ina anati malo alipo koma a munthu wosapitirira zaka makumi atatu ndi zisanu, pamene iwo anali ndi makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Mzere umenewu unkakhala m'munsi mwa zidziwitso zonse za ntchito, m'timalemba ting'onoting'ono. Iwo amene ankakalipira makasitomala kuti osasayina pepala usanaliwerenge mpaka pansi, za iwo eni sanawerenge. Kwina anati ayambe agwira miyezi isanu ndi umodzi osalipidwa, aone kaye. Kwinanso anatchula malipiro oti Aloya anafunsa kawiri, kuyesa kuti ndi a pamlungu.

Anakwera masitepe aja kukamufuna kalaliki. Anamupeza akudya chamasana chouma kuseri kwa kabati ya mafayilo.

"Mwanawe, malipiro unandiuza aja ali kuti?"

Kalalikiyo anakanda m'mutu. "Ah, mayi, ujatu unali mwezi umene tinayenda maulendo, ndinaphatikiza ndi za m'njira. Komanso abwana muno ndi amalume anga. Sindimadziwa kuti mugulitsa makina."

Aloya anatsika masitepe atagwira khoma. Kulira sanalire. Mtima unangouma gwa, moti atafika kunyumba anakhala pampando wotsalawo mpaka dzuwa kupendeka, osavula n'komwe nsapato.

"Ndakuphani ndi njala, bambo," anatero pomaliza. "Munanena inu."

"Zachitika, amake ana. Mawa mukayesenso."

Kuyesanso kunkafuna mafotokope a satifiketi, chifukwa ofesi iliyonse imalandira n'kusunga, osabweza. Aloya anazungulira tauni yonse kupewa kuseri kwa khoti, koma kwina konse kunali kodula. Lolemba m'mawa anachotsa satifiketi ija mufulemu, n'kukaima pamzere pakhonde lawo lomwe. Benchi inali yodzaza. Anthu sanasiye kubwera, ayi, ankangotsata pomwe pali makina.

"Mlamu, mwatiyendera!" anatero mlamu wawo, maso ali pakompyuta. "Angati?"

"Khumi."

Pa pepala lachitatu makina anameza. Mlamuyo anayamba kutsegula uku ndi uku, thukuta kamukamu. Aloya anapirira, kenako analephera. Analowa, kumenya kawiri kumanzere, bondo pathireyi. Makina anatsokomola n'kuyamba kulavula dzina lawo, dzina lawo, dzina lawo, chidindo chofiira chija chitasanduka chakuda.

"Mapepala adula masiku ano, mlamu, mukudziwa nokha," anatero mlamuyo atatambasula dzanja.

Aloya analipira masamba khumi, osachotserako ngakhale limodzi. Akutuluka, mkulu wina wa pabenchi anaimirira ndi envelopu yake yong'ambika.

"Aloya, ndithandizeniko, andilanda malo."

Anatembenuka msangamsanga, dzanja atalitambasula kale kuti alandire envelopuyo. Mkuluyo anawalambalala mwaulemu, n'kukaipereka kwa mlamu wawo.